Nkhwangwa Yobwereka pa Gombe la Nkopola

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, akamayandikira ku Nkopola, amamva anyamata a minibasi akuitanira kuti, "Maldeco, Maldeco!" Ambiri mwa anthu otsika pamalopa amayesa kuti dzinali ndi la mudzi kapena la mfumu ina yakale. Koma si tero ayi. Dzinali ndi chidule cha Malawi Development Corporation, bungwe limene boma lidakhazikitsa m'chaka cha 1964 kuti lizitsogolera ntchito zotukula chuma cha dziko limene lidali litangolandira kumene ufulu wodzilamulira. Bungwelo lidatsekedwa m'zaka za m'ma 2000, koma dzina lake lidakakamira pa siteji ya basi. Kuchokera nthawi ya ufulu, dziko la Malawi lakhala likubadwitsa mabungwe otere, kuwapatsa mayina aulemu, kenaka n'kuwaika m'manda. Pamene msodzi wa ku Nkopola akafuna mpamba wogulira injini ya boti, kawirikawiri amakagwadabe kwa katapila, kapena amadikira mbale wake wa ku Joni kuti amutumizire kangachepe.

Nkoyenera kuyamba wamasulira kuti banki ya chitukuko nchiyani. Banki wamba imasunga ndalama za anthu amene angathe kudzazifuna mawa lomwe, motero imaopa kubwereketsa kwa nthawi yaitali. Imakonda wamalonda amene agula katundu lero, wagulitsa mwezi wamawa, wabweza. Koma fakitale, damu, munda wa mitengo kapena nyumba yoziziritsiramo nsomba sizibala phindu m'miyezi itatu. Zimafuna ndalama zoleza mtima, zimene zingadikire zaka khumi. Banki ya chitukuko imakhazikitsidwa, makamaka ndi boma, kuti ipereke ndalama zoterezo kumene banki wamba ikuchita mantha.

Nzeru imeneyi siidabadwire ku Malawi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dziko la Germany lidakhazikitsa banki yotchedwa KfW m'chaka cha 1948 kuti izibwereketsa ndalama za thandizo lochokera ku America. Japan idatsegula yake m'chaka cha 1951, Brazil m'chaka cha 1952, ndipo South Korea m'chaka cha 1954. Nawonso Angerezi adakhazikitsa Colonial Development Corporation m'chaka cha 1948 kuti iziika ndalama m'maiko amene ankawalamulira, ndipo maiko ambiri a mu Africa atalandira ufulu adapanga mabungwe ofanana nalo. Zambia idakhazikitsa banki yake ya chitukuko ndi lamulo la m'chaka cha 1972. Panthawiyo dziko lopanda banki yotere linkaoneka ngati mfumu yopanda mpando.

Kubwereka nzeru sikulakwa. Mayi amene moto wamuzimira amakapala kwa mnzake ndipo palibe amamuseka. Koma mayi wanzeru amayamba waonetsetsa kuti pakhomo pake pali nkhuni zouma. Cholakwa cha Malawi nchakuti wakhala akupala moto n'kukauika pa nkhuni zonyowa, ndipo ukazima amatukwana nkhuni, kenaka n'kuthamangira kwa mnansi wina. Chimene chimabwerekedwa ndi chakunja chokha: dzina, lamulo la ku Nyumba ya Malamulo, mafomu, maudindo a akuluakulu ndi galimoto zawo. Chimene chidachititsa kuti bankiyo igwire ntchito kwawoko chimatsala komweko, ndipo palibe amafunsa ngati moyo wa anthu a kuno ungalowe m'chovala chosokedwa poyeza thupi la munthu wina.

Tsono nkhani ya ku Nkopola ikuonetsa bwino zimenezi. Malawi Development Corporation idafika m'derali ndi manja awiri. Ndi dzanja limodzi idatenga ntchito ya usodzi wa maukonde akuluakulu imene Agiriki adaiyamba kum'mwera kwa nyanjaku m'nthawi ya atsamunda, ndipo ndiyo idasanduka Maldeco Fisheries, imene pambuyo pake idapita m'manja mwa Press Corporation. Ndi dzanja linalo bungweli lidali ndi masheya m'kampani ya mahotela a boma, imene lero ikutchedwa Sunbird, mwini wake wa hotela ya Nkopola. Pasakhale wonyoza ntchito ziwirizi. Zidalemba anthu ntchito, zidakokera alendo kunyanja, ndipo chambo cha ku Mangochi chidafika pa mbale za ku Blantyre chisadaole. Koma nsomba zoposa 8 mwa 10 zilizonse zogwidwa m'Malawi amazigwira ndi asodzi ang'onoang'ono, a mabwato osema ndi maboti a matabwa, a chilimira ndi matchera. Bungwe lija lidapangidwa potengera mabungwe amene ntchito yawo idali kuika ndalama m'makampani aakulu, choncho maso ake ankaona kampani yokha. Msodzi wa bwato, mayi wa pa thandala loyanikira usipa ndi mnyamata wowamba utaka adali pompo pagombe, koma m'mabuku a bungwelo mudalibe mzere wowalemba.

M'chaka cha 1972 kudabadwa INDEBANK. Eni ake adali ADMARC pamodzi ndi mabungwe a chitukuko a ku Britain, Germany ndi Netherlands. Imeneyi idali banki ya chitukuko yeniyeni monga momwe mabuku a ku Ulaya amafotokozera, ndipo idathandiza mafakitale ndi maesiteti. Koma khomo lake lidali la anthu okhala ndi chikole ndi mabuku a zachuma olembedwa bwino. Malo a msodzi wa kwa Mponda kapena kwa Nankumba adawalandira kwa makolo kudzera mwa mfumu, ndipo adalibe chikalata chimene banki ingalandire. Chuma chake chenicheni chidali khoka, chimene chimang'ambika, ndi boti, limene lingathe kumira usiku umodzi. Poona kuti anthu ang'onoang'ono atsalira, boma ndi abwenzi ake adawonjezera mabungwe ena, monga SEDOM m'chaka cha 1982. INDEBANK yomwe idatsiriza ndi kusanduka banki wamba, ndipo m'chaka cha 2015 idagulidwa ndi National Bank.

Chitsanzo chowawa koposa nchimene chidachitikira m'boma la Mangochi lomweli. Ku Bangladesh, mphunzitsi wa zachuma wotchedwa Muhammad Yunus adayamba kubwereketsa tindalama tochepa kwa amphawi a m'mudzi wa Jobra m'chaka cha 1976, ndipo m'chaka cha 1983 ntchitoyo idakhala Grameen Bank. Njira yake idali yosavuta kuimvetsa. Anthu asanu amapanga gulu, sapereka chikole, amakumana sabata iliyonse, ndipo aliyense amabweza pang'onopang'ono pa msonkhano uliwonse. Mmodzi akalephera, anzake amavutika kupeza ngongole ina, motero amalondana okhaokha. Mbiri ya bankiyi idawanda pa dziko lonse, ndipo mu 2006 Yunus ndi banki yake adalandira mphotho ya Nobel. Malawi adali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kutengera njirayi. Ndi thandizo la bungwe la IFAD kudakhazikitsidwa Malawi Mudzi Fund, imene idayamba kubwereketsa cha m'chaka cha 1990 m'maboma awiri oyeserera, Chiradzulu ndi Mangochi.

Apa mpofunika kudekha. Panthawiyo Bangladesh idali ndi anthu oposa 100 miliyoni pa dziko losafika kawiri kukula kwa Malawi, pamene kalembera wa m'chaka cha 1987 adapeza Amalawi pafupifupi 8 miliyoni. Kumeneko mlangizi wa banki ankatha kuyendera magulu ambiri tsiku limodzi pa njinga yakapalasa, misika idali yoyandikana, ogula adali ochuluka, ndipo m'madera ambiri mpunga umakololedwa kawiri kapena katatu pa chaka. Ndalama zinkayenda sabata ndi sabata, choncho kubweza sabata ndi sabata kudali kwanzeru. Nanga kunyanja kuno ndalama zimayenda motani? Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, ndipo pamakhala masiku otsatizana amene bwato silingalowe m'madzi. Usodzi wa usipa wa nyali umayenda ndi mdima, mwezi ukawala umafooka. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala nyanja imatsekedwa kwa a makoka kuti chambo chiswane. Dzinja likafika nsomba zoyanika zimaolera pa thandala, ndipo mabanja amakhala ali kumunda, nkhokwe zili mbee. Ndalama za pagombe zimabwera ngati mafunde: lero zasefukira, mawa kuli zii. Kuuza munthu wotere kuti azibweza muyeso umodzimodzi Lachiwiri lililonse ndiko kumutumiza kwa katapila kuti akakongole zobwezera banki.

Kuwonjezera apo, zaka zomwezo ndizo zimene chambo chidatsala pang'ono kutheratu m'nyanja ya Malombe ndipo chidachepa kwambiri kum'mwera kwa nyanja ya Malawi. Ndiponso Mangochi ndi boma limene anthu ake ambiri ndi Asilamu, amene chipembedzo chawo chimaletsa chiwongoladzanja. Nzoona kuti ku Bangladesh nakonso ambiri ndi Asilamu ndipo Grameen idayendabe, koma idayenda chifukwa eni ake adatha zaka 7 akuyesa, kulakwa ndi kukonza, akukambirana ndi anthu a m'midzi yawo, asadaitche banki. Malawi adatenga chipatso cha zaka 7 zija osatenga kuleza mtima kumene kudachibala. Zotsatira zake nzodziwika. Amuna ambiri adalephera kubweza, kotero kuti bungwelo lidatembenukira makamaka kwa amayi, amene ankabweza bwino. Limeneli lidali phunziro lamtengo wapatali, chiyambi cha kusoka chovalacho molingana ndi thupi la mwini. Koma m'chaka cha 1995 Mudzi Fund idamezedwa ndi Malawi Rural Finance Company, kampani yatsopano yokhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank, yotsata nzeru inanso yobwereka, yakuti ngongole za kumudzi ziziyenda ngati malonda ena aliwonse. Mbande idazulidwa isadagwire nthaka. Nayo kampaniyo lero kulibe.

Pali anthu amene amati vuto lonse ndi Amalawi eni ake, ati sadziwa kubweza ngongole. Mawu amenewa amamveka kawirikawiri m'maofesi a ku Lilongwe, ndipo ndi chipongwe chosayenera kuchilekerera. Kwa zaka zambiri alimi a m'makalabu ankabweza ngongole za feteleza ndi mbewu kuposa 90 pa 100 iliyonse, mpaka akatswiri akunja ankabwera kudzaonera. Nzoona kuti mantha adathandizira, pakuti m'nthawi ya chipani chimodzi wolephera kubweza ankalandidwa mbuzi, njinga ngakhale malata a padenga. Chilala cha 1992 chitagwa, kenaka riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, kubweza kudatsika kosafika ndi theka lomwe, ndipo bungwe la SACA limene linkayendetsa ngongolezo lidagwa. Anthu adali omwewo, mitima yawo idali yomweyo. Chidasintha nchakuti mvula idakana, chikwapu chidachoka, ndipo andale a mbali zonse adazindikira kuti ngongole ya boma ndi nyambo yabwino yokolera mavoti. Kuyambira pamenepo mlimi ndi msodzi adaphunzitsidwa, osati ndi makolo awo koma ndi atsogoleri awo, kuti ndalama ya boma ndi mphatso imene yangovala dzina la ngongole.

Wofuna umboni wakuti anthu a kunyanja amabweza apite pagombe m'bandakucha. Mayi wa geni amapatsa mwini khoka ndalama za mafuta a injini, popanda pepala lililonse, pomvana kuti nsomba zikatuluka iye ndiye ayambe kusankha. Akapha zochepa, ngongole imadikira. Akapha zambiri, imatha tsiku lomwelo. Amayi a chiperegani amasonkha mwezi ndi mwezi osaphonya. Ndipo pali banki m'khonde, imene yafalikira pafupifupi m'mudzi uliwonse. Chodabwitsa nchakuti nayonso ndi yobwereka, pakuti idayambira ku Niger m'chaka cha 1991 ndi bungwe la CARE. Nanga bwanji iyo idamera pamene zinzake zidauma? Chifukwa ndalama zake ndi za mamembala eni ake, malamulo amaika okha, tsiku logawana amasankha okha molingana ndi nyengo yawo, ndipo palibe phungu amene angaime pa nsanja kunena kuti ngongole za m'bokosi lija zakhululukidwa. Komabe banki m'khonde ili ndi malire ake. Ingagule beseni la usipa kapena kulipira fizi, koma siingamange fakitale ya madzi oundana kapena kugula boti lotha kufika pakati pa nyanja, kumene kukadali nsomba zimene bwato silizifikira. Mpata umenewu ndiwo uyenera kutsekedwa ndi banki ya chitukuko, ndipo ukadali wosatseka.

Ena amati, poti mabanki oterewa alephera, boma lichotsemo dzanja ndipo msika udzakonza zonse. Nzeru imeneyi nayonso idabwera pa ndege. Idalowa ndi ndondomeko zosintha kayendetsedwe ka chuma zimene Malawi adayamba kutsata m'chaka cha 1981, ndipo idakhwima ndi lamulo logulitsa makampani a boma la m'chaka cha 1996. Alangizi ochokera ku maiko omwewo amene kale ankati dziko lililonse likhale ndi banki ya chitukuko adabweranso kudzanena kuti mabankiwo ndi mtolo wosafunika. Chimene sadanene mokweza nchakuti kwawoko Germany siidatseke KfW, ndipo Korea ndi Brazil adasunga awo mpaka lero. Malawi adamvera ulendo woyamba, adamveranso ulendo wachiwiri. Msika uja utasiyidwa wokha udachita zimene msika umachita: mabanki adapeza kuti kubwereketsa boma nkopindulitsa ndi kopanda chiopsezo kuposa kubwereketsa msodzi.

Mpata utakula, andale adautseka m'njira yawoyawo. M'chaka cha 2005 kudakhazikitsidwa thumba la MARDEF la ndalama zokwana K5 biliyoni. Padabweranso thumba la achinyamata la YEDEF. Mu 2014 zidasanduka MEDF, ndipo mu 2020 dzina lidasinthanso kukhala NEEF. Boma lililonse latsopano limapenta chikwangwani, koma dandaulo lakuti ngongole zambiri sizibwezedwa ndiponso kuti zimachuluka chisankho chikayandikira silidasinthe. Ngakhale Malawi Savings Bank, imene idachokera ku banki yakale ya ku positi ofesi, idagulitsidwa m'chaka cha 2015 boma litasenza ngongole zake zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni. Ndalama zimenezo sadazidye asodzi a mabwato. Ndipo matendawa si a Malawi yekha, pakuti mu 2023 banki yaikulu ya Zambia idalanda banki ya chitukuko ya dzikolo itafooka.

Nanga chidatsala nchiyani kwa eni nkhwangwa, chimene obwereka sadatenge? Choyamba ndi gwero la ndalama. Banki ya ku Japan inkadalira kwambiri ndalama zimene anthu wamba a dzikolo ankasunga ku positi ofesi, motero inkabwereketsa ndalama za dziko lomwelo. Mabungwe a ku Malawi akhala akudalira ngongole ndi thandizo lakunja, lokhala ndi nthawi yake yothera ndi malamulo ake. Thandizo likatha, bungwe limafa. Ndipo ndalama ya kwacha ikagwa, monga idachitira mu 1994, mu 2012 ndi mu 2023, ngongole ya m'madola imatupa usiku umodzi, pamene injini, ulusi wa ukonde ndi mafuta, zonse zochokera kunja, zimakwera mtengo. Chachiwiri, ndipo nchachikulu, ndi mwambo. Ku Korea boma linkakondera makampani ena powapatsa ngongole zotsika mtengo, ndipo katangale adaliko ndithu. Koma wolandira ankapatsidwa muyeso wa katundu woti agulitse kunja, ndipo wolephera ankatsekeredwa mpopi. Ngongole inkatsata ntchito. Kuno yakhala ikutsata nsalu ya chipani. Mwambo wotere sulembedwa m'fomu ndipo mlangizi wakunja sangaunyamule m'chikwama. Akuluakulu akale ankati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka, osati chifukwa nkhwangwayo njoipa, koma chifukwa wobwereka sadziwa pamene mpini wake udafooka, ndipo alibe nayo chisoni.

M'chaka cha 2018 kudakhazikitsidwa bungwe lina la ndalama za chitukuko, Malawi Agricultural and Industrial Investment Corporation, m'mene boma lidatenga gawo laling'ono la masheya pofuna kuti andale asalilowerere. Cholinga chimenecho nchabwino, ndipo chikusonyeza kuti pali amene adaphunzirapo kanthu. Koma muyeso wa bungwe lililonse lotere, lino kapena lina lodzabwera, usakhale kukongola kwa lamulo lake kapena dzina la dziko limene lidatengerako chitsanzo. Muyeso wake ukhale pa gombe ngati la Nkopola. Akuluakulu amene amatumidwa ku Seoul, ku Frankfurt kapena ku Dhaka kukaphunzira za mabanki, kaamba ka ulendo umodzi wokha, akadayamba atumidwa kwa Mponda m'mwezi wa Julayi, mwera uli pakati. Akadakhala pansi ndi makomiti a m'magombe, amene adayamba m'chaka cha 1993 ku Malombe ndipo amadziwa mwini wa khoka lililonse. Akadafunsa amayi a banki m'khonde kuti amadziwa bwanji wobweza ndi wothawa. Akadawerenga masiku amene bwato limalowa m'madzi pa chaka, n'kulemba ndondomeko ya kubweza imene imapuma nyanja ikatsekedwa ndi kuthamanga usipa ukachuluka. Akadafunsa mashehe za njira ya kugawana phindu m'malo mwa chiwongoladzanja, imene mabanki ena m'dziko muno adayamba kale kuyesa. Akadaganizira zolandira boti ndi injini ngati chikole, atazilembetsa ndi kuziikira inshuwalansi.

Chodabwitsa nchakuti akuluakuluwa ku Nkopola amafikako ndithu. Misonkhano yambiri yokambirana za chuma ndi umphawi imachitikira m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, m'zipinda zoziziritsidwa ndi makina, alangizi akuonetsa zithunzi za mabanki a maiko ena pakhoma. Usiku nthumwi zimakhala pakhonde n'kumasirira nyali za asodzi a usipa zikuthwanima pamadzi. Kuchokera pa geti ya hotela kukafika pamene mabwato aja amakocheza m'mawa ndi ulendo wapansi wosatopetsa, koma sukhala pa ndondomeko ya msonkhano.